Kukonzekeretsa Lole ya Dizilo Chisanu Chisanafike

M'mayiko a kummwera kwa Africa, nyengo yozizira imafika pa nthawi imene malole amakhala ndi ntchito yambiri kuposa miyezi ina yonse ya pachaka. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, chimanga, mtedza, soya, nyemba ndi fodya zimakhala zikuchoka m'midzi kupita kumisika, ndipo feteleza wa dzinja likudzalo amayamba kutuluka m'madoko a Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban kulowera kumtunda. Lole ikakana kulira m'mawa wa mu Julayi itasenza kale matimati kapena mbatata ya kachewere, wodandaula sakhala mwini wake yekha. Alimi amene adasonkherana ndalama zoilipira amaphonya tsiku la msika, katundu amayamba kuvunda, ndipo wogula amene adagwirizana naye mtengo amakagula kwina.

Kawirikawiri chisanu sichibweretsa vuto latsopano pa lole. Chimangoulula zofooka zimene nyengo yotentha inkabisa: batire lokalamba, fyuluta yodzaza litsiro, madzi a pachitsime othiridwa mu rediyeta, ndi mathanki a mpweya wa mabuleki amene sadatsegulidwe kwa miyezi. Zonsezi zingathe kukonzedwa pakhomo mu Epulo ndi Meyi pa mtengo wochepa. Zikasiyidwa kuti zikaonekere pamsewu, usiku, kutali ndi kwawo, zimadya ndalama za ulendo wonse, ndipo nthawi zina zimadya moyo.

Kuzizira kwa m'chigawo chino

Ena amaganiza kuti vuto la malole ndi chisanu ndi la ku Ulaya ndi ku Canada kokha. Koma kuzizira kumatsata kukwera kwa malo. Pa mamita 1,000 alionse amene msewu wakwera, kutentha kwa mpweya kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Tauni ya Dedza ili pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,600, ndipo kumapiri a Nyika ndi Viphya m'Malawi, ku Angonia m'Mozambique ndi ku Nyanga m'Zimbabwe, udzu umapezeka nthawi zina utayera ndi chisanu m'mamawa wa mu Juni ndi Julayi. Kuzizira kotere n'kokwanira kugonetsa lole ya batire lofooka.

Madalaivala amene amatenga katundu ku Durban kupita naye ku Blantyre, Lilongwe kapena Lusaka amakumana ndi kuzizira koposa apa. Msewu wa N3 wopita ku Johannesburg umachoka m'mphepete mwa nyanja, kumene kumafunda ngakhale mu Julayi, n'kukwera mapiri a Drakensberg pa Van Reenen's Pass, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700. Lole yonyamuka padoko masana dalaivala atavala shati yokha ingathe kukagona ku Harrismith madzi akuundana. Pa 20 ndi 21 Seputembala 2024 chipale chofewa chidatseka msewu umenewu, magalimoto mazanamazana adagona pamsewu, ndipo mayi wina amene adali paulendo adamwalira chifukwa cha kuzizira. Pa 10 Julayi 2023 chipale chofewa chidagwa mumzinda wa Johannesburg weniweniwo. Ku Buffelsfontein m'chigawo cha Eastern Cape kudazizira mpaka madigiri 20 pansi pa ziro mu Ogasiti 2013. Ku Lesotho, misewu yonga ya pa Moteng Pass imakwera kupyola mamita 2,800 ndipo imatsekeka ndi chipale chofewa kawirikawiri.

Chifukwa chake injini imavuta kulira

Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mu silinda mpaka utatentha kupyola madigiri 500, ndipo dizilo akapoperedwa mu mpweya wotenthawo amayaka yekha. Injini ikagona panja pozizira, zitsulo zake zimamwa kutenthako dizilo asanayake. N'chifukwa chake malole ang'onoang'ono ali ndi timapulagi totenthetsa, timene amakaniko ambiri amangoti mahita, ndipo malole ambiri akuluakulu ali ndi chotenthetsera mpweya wolowa mu injini.

Mahita ayenera kuyezedwa ndi makaniko chisanu chisanayambe. Injini imene imalira monjenjemera m'mawa, uku ikutulutsa utsi woyera wonunkha dizilo, nthawi zambiri imakhala ndi hita imodzi kapena ziwiri zakufa. Dalaivala akatembenuza kiyi adikire kuti getsi losonyeza mahita lizime asanalize injini. Sitata isazungulitsidwe kupyola masekondi 30; injini ikakana, sitatayo ipumule mphindi ziwiri kuti isapse. Mankhwala opopera polowera mpweya, amene amagulitsidwa kuti injini ilire msanga, asagwiritsidwe ntchito pa injini ya mahita, chifukwa angathe kuphulika asanafike mu silinda. Injini ikalira isiyidwe mphindi zitatu kapena zisanu popanda kupondereza moto, kuti oyilo afike paliponse ndipo mpweya wa mabuleki udzaze, kenaka lole inyamuke pang'onopang'ono.

Phula ndi madzi mu dizilo

Dizilo aliyense ali ndi phula lofanana ndi la kandulo losungunukira m'kati mwake. Kukatentha phulalo silioneka. Kukazizira limayamba kugwirana monga amachitira mafuta a nyama mu poto wozizira, dizilo amaoneka wa mbuu, ndipo timibulu ta phula timatseka fyuluta. Chizindikiro chake n'chakuti injini imalira, imayenda mphindi zochepa, kenaka imatha mphamvu n'kuzima ngati mafuta atha, chikhalirecho thanki ndi yodzaza.

Ku South Africa muyezo wa dizilo wotchedwa SANS 342 umafuna kuti dizilo wa m'nyengo yozizira azidutsabe mu fyuluta mpaka pa madigiri 4 pansi pa ziro, pamene wa m'nyengo yotentha malire ake ndi madigiri 3 pamwamba pa ziro. Choncho dizilo wosungidwa m'migolo kuyambira mu Febuluwale sayenera kudaliridwa paulendo wa kumapiri mu Julayi. Dalaivala wolowera kumalo ozizira amachita bwino kumwetsa mafuta pamalo odziwika a m'dera lomwelo. Mankhwala oletsa dizilo kugwirana alipo, koma amathandiza akathiridwa dizilo asanazizire; phula likagwirana kale salisungunula.

Madzi ndi mdani wachiwiri. Thanki yosadzaza imakhala ndi mpweya wachinyezi, ndipo usiku chinyezicho chimasanduka madontho amene amatsikira pansi pa dizilo. Madzi ena amabwera ndi mafuta a m'zigubu amene anthu amagula m'mbali mwa msewu dizilo akasowa. Madziwo amachititsa dzimbiri m'mapampu, ndipo akaundana amatseka mapaipi. Njira zopewera ndi zitatu: kudzaza thanki madzulo lole isanagone, kutsegula kampopi ka pansi pa fyuluta yolekanitsa madzi m'mawa uliwonse mpaka dizilo woyera atayamba kutuluka, ndi kuika mafyuluta atsopano mu Epulo kapena Meyi. Fyuluta ina yapadera ndi sipanala yake zizikhala m'lole nthawi zonse.

Pali zizolowezi zina zimene zimaononga kuposa chisanucho. Kuthira petulo mu dizilo kumaika lole pachiswe cha moto ndipo kumaononga injini. Kuthira palafini, kumene akale ankachita pa injini za masiku awo, n'koopsa pa malole amakono. Mapampu awo amapanikiza mafuta mwamphamvu kwambiri ndipo amadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zisakhulane. Palafini alibe kuterera kokwanira, motero pampu ndi majekiseni a mafuta zimatha msanga. Mu Januwale 2024 boma la South Africa lidalengeza kuti malo 70 omwetsera mafuta adapezeka ndi dizilo wosakaniza ndi palafini, ndipo kusakaniza koteroko n'kuphwanya lamulo m'dzikomo. Kusonkha moto wa udzu kapena wa makala kunsi kwa injini ndi thanki kwapsereza malole ndi katundu yemwe. Dizilo akagwirana, chofunika n'kusintha fyuluta, kuthira madzi ofunda pamwamba pa mapaipi, ndi kudikira dzuwa. Mwini lole amene sakudziwa bwino mtundu wa injini yake afunse makaniko asanathire chilichonse mu thanki, pakuti safunsa adadya phula.

Malole ena atsopano ali ndi thanki yachiwiri ya madzi otchedwa AdBlue, oyeretsera utsi. Madzi amenewa amaundana pa madigiri 11 pansi pa ziro ndipo akasungunuka amagwirabe ntchito, choncho asathiridwe chinthu china chilichonse.

Batire

Kukazizira mpaka pa ziro, batire limapereka pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu imene limapereka kukatentha, ndipo nthawi yomweyo injini imakhala yolimba kuzunguza chifukwa oyilo wagwirana. Batire limene linkangokwanitsa movutikira mu Okutobala silingakwanitse mu Julayi.

Batire la mavoti 12 lodzaza bwino limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 likayezedwa lole itapuma maola angapo, likaonetsa 12.2 ndiye kuti latsala ndi theka. Makaniko wa zamagetsi angathe kuliyeza likugwira ntchito, komanso kuona ngati alitaneta ikutchaja mokwanira ndi ngati lamba wake sadakhwepe. Malole akuluakulu amagwiritsa ntchito mabatire awiri olumikizana kuti apereke mavoti 24, ndipo limodzi likafa ndi bwino kusintha onse awiri, chifukwa lakale limafooketsa latsopano. Mitu ya batire yochita zoyerayera itsukidwe ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda, imangidwe zolimba n'kupakidwa girisi. Madzi akachepa m'batire muonjezeredwe madzi a batire ogula, osati asidi kapena madzi a pampopi.

Chizolowezi choimika lole pamtsetse madzulo kuti m'mawa ikalire poigwetsa chiyenera kutha. Lole yosalira imakhala ndi chiwongolero cholimba, ndipo ngati mpweya wa mabuleki wachepa usiku, dalaivala sangathe kuilamulira bwino itasenza matani khumi.

Rediyeta ndi oyilo

Madzi akaundana amafufuma ndi magawo 9 pa 100 alionse, ndipo mphamvu yake imatha kung'amba rediyeta ngakhale buloko ya injini. Buloko ikang'ambika, nthawi zambiri injiniyo imakhala yatha. Mankhwala a mu rediyeta otchedwa antifreeze akasakanizidwa theka ndi theka ndi madzi oyera amateteza injini mpaka pa madigiri oposa 30 pansi pa ziro. Amaletsanso dzimbiri ndi kudyeka kwa masilinda, motero ndi ofunika ngakhale kwa lole yongoyenda pakati pa Nsanje ndi Chikwawa. Mitundu yosiyana ya mankhwalawa isasakanizidwe. Iwo ndi poizoni wotsekemera, choncho otsala kapena okhuthulidwa asungidwe kutali ndi ana, agalu ndi zitsime.

M'madera otentha amakaniko ena amachotsa kachipangizo kotchedwa thermostat poganiza kuti injini isamatenthe. Kachipangizoka ndi kamene kamatsekera madzi mu injini mpaka itafunda. Popanda iko, injini imayenda yozizira m'mawa wonse, imamwa mafuta ambiri, imatha msanga, ndipo chotenthetsera cha m'kebini sichitulutsa mpweya wofunda wochotsera nthunzi pagalasi. Ngati kadachotsedwa kabwezeretsedwe. Mapaipi a labala olimba ngati mtengo kapena otupa asinthidwe nthawi yomweyo.

Oyilo wolembedwa 15W-40 amakwanira malole ambiri m'chigawo chino, chifukwa amayenda msanga injini ikadali yozizira ndipo sapyapyala ikatentha. Oyilo wa nambala imodzi, monga SAE 40, amagwirana kwambiri m'mawa wozizira, ndipo oyilo wakale wodzaza mwaye amachitanso chimodzimodzi. Nthawi yosintha oyilo ikayandikira ndi bwino kusinthiratu chisanu chisanafike, motsatira buku la lole imeneyo.

Mabuleki ndi matayala

Malole akuluakulu amaima ndi mpweya wopanikizidwa. Mpweyawo ukamazizira m'mathanki umasiya madzi, ndipo madziwo akaundana m'mapaipi ndi m'mavavu, mabuleki amakana kugwira kapena kumasuka. Thanki iliyonse ili ndi kampopi kunsi kwake, ndipo dalaivala ayenera kukatsegula tsiku lililonse pomaliza ntchito, pa lole ndi pa ngolo yomwe. Madzi akamatuluka ambiri, kapena osakanikirana ndi oyilo, ndiye kuti choumitsira mpweya chatopa ndipo fyuluta yake ifunika kusinthidwa.

Mpweya wa m'matayala umachepa mphamvu ndi magawo pafupifupi 3 pa 100 alionse kutentha kukatsika ndi madigiri 10. Tayala losakhuta limatentha paulendo ndipo limatha kuphulika. Matayala ayezedwe ndi geji m'mawa lole isananyamuke, kuphatikizapo a m'kati pa mawilo awiriawiri. Kuwagogoda ndi chitsulo sikusonyeza muyezo weniweni. Tayala lotha mano limangotsetsereka pa phula wonyowa.

Chifunga ndi msewu woterera

M'Malawi, Zambia ndi Mozambique, dalaivala amakumana ndi chifunga kawirikawiri kuposa madzi oundana. Mphepo ya chiperoni, imene idatenga dzina ku phiri la Chiperone m'Mozambique, imabweretsa chifunga ndi mvula yowaza ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre kwa masiku angapo, ndipo msewu wa M1 umachita mdima wa chifunga pa Chikangawa ndiponso pakati pa Ntcheu ndi Dedza. M'chifunga magetsi oyenera ndi otsika, chifukwa okwera amangobwerera m'maso mwa dalaivala. Magetsi onse a kumbuyo ndi a m'mbali aziyaka, zonyezimira za kumbuyo zipukutidwe, ndipo mawaipa otha asinthidwe. Lole ikafera pamsewu paikidwe zizindikiro zonyezimira za makona atatu patali ndithu kutsogolo ndi kumbuyo. Nthambi za mitengo zimene anthu amayala pamsewu sizioneka usiku wa chifunga.

Kumene madzi amaundana pamsewu, malo oyamba kuterera ndi pamilatho ndi pamithunzi ya mapiri, ndipo phula amangooneka ngati wanyowa. Pamalo otere buleki ya ekizozi ndi zina zochepetsa liwiro kudzera mu injini zizimitsidwe, chifukwa zimagwira mawilo okoka okha ndipo ngolo ingathe kupinda n'kukankha mutu wa lole. Dalaivala atsike mtsetse ndi giya yotsika, asiye mpata waukulu, ndipo asaponde buleki mwadzidzidzi. Bungwe la zanyengo la South African Weather Service limachenjezeratu za chipale chofewa, ndipo kampani ya N3 Toll Concession imalengeza mmene msewu wa N3 ulili. Chenjezo likaperekedwa, kugona usiku umodzi pamalo oimikapo malole kunsi kwa mapiri n'kotchipa kuposa kukodwa pamwamba pake.

Anthu amene ali m'lole

Lole iliyonse yopita kumalo ozizira izikhala ndi mabulangete, jekete lochindikala, chipewa, magolovesi, tochi, madzi ndi chakudya cha masiku awiri, komanso foni yotchaja. Mbaula isalowe m'kebini ngakhale kutazizira motani. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha, ndipo umapha munthu ali m'tulo. Dalaivala wokodwa m'chipale chofewa akhale m'lole, aziliza injini mwa apo ndi apo kuti afunde, atatsegula windo pang'ono ndiponso ataona kuti kukamwa kwa ekizozi sikudatsekeke. Mowa umanamiza thupi kuti lafunda pamene likutaya kutentha msanga.

Alimi operekeza katundu wawo kumsika ali pangozi yaikulu, chifukwa ambiri amakwera pamwamba pa matumba usiku, ndipo mphepo ya lole yothamanga imachotsa kutentha m'thupi mofulumira, makamaka zovala zikanyowa. Munthu amene akunjenjemera kosalekeza, kulankhula mosamveka, kusokonezeka maganizo kapena kuodzera ndiye kuti wazizidwa koopsa. Alowetsedwe pofunda, avulidwe zonyowa, afunditsidwe, apatsidwe chakumwa chofunda ngati akutha kumeza, ndipo atengeredwe kuchipatala. Gulu la alimi limachita bwino kusankha munthu mmodzi kapena awiri oti akhale kutsogolo ndi dalaivala, m'malo moti aliyense akwere pamwamba pa katundu wake.

Udindo wa makomiti ndi alangizi

Kumene kalabu kapena bungwe la alimi lili ndi lole yakeyake, ntchito yokonzekera chisanu ilembedwe pa ndondomeko ya chaka pamodzi ndi kugula matumba ndi kukonza nkhokwe. Komiti izipatula kandalama pa ulendo uliwonse kuti pofika mu Epulo pakhale zogulira mafyuluta, oyilo, mankhwala a mu rediyeta ndi mabatire ngati atopa. M'lole mukhale kabuku kolembamo tsiku limene chinthu chilichonse chidasinthidwa ndi makilomita amene lole idali itayenda. Dalaivala akanena vuto amvedwe, ndipo akaima chifukwa cha chifunga kapena chipale chofewa asadulidwe malipiro, pakuti dalaivala woopa bwana ndiye amapitiriza ulendo pamene anzake aima.

Alimi ambiri amachita kubwereka lole ya hayala, ndipo iwonso ali ndi mphamvu yofunsa asanapereke ndalama. Mlangizi kapena mlembi wa gulu angathe kupempha kuti lole ifike madzulo, igone pamudzipo, ndipo ilizidwe m'mawa anthu akuona katundu asanakwezedwe. Lole yofuna kukankhidwa, yotulutsa utsi woyera kwa nthawi yaitali, ya matayala osalala kapena magetsi akufa isapatsidwe zokolola. Pangano linenenso poyera amene adzalipire lole ina ngati yoyambayo ifera panjira.

Mbewu imene ili m'matumba mu Juni idatenga miyezi isanu ndi umodzi ya khasu, feteleza wangongole ndi thukuta la banja lonse. Tsiku limodzi la makaniko mu Epulo, ndi mphindi khumi za dalaivala m'mawa uliwonse poyang'ana madzi a mu fyuluta, oyilo, matayala ndi magetsi, ndi zimene zimathandiza kuti zokololazo zikafike pa sikelo ya wogula pa tsiku limene adagwirizana.